N'chifukwa chiyani siteshoni ya sola ili ku Golomoti, osati pamwamba pa phiri?

Mukatsika ndi msewu wa Khwekhwelere kuchokera pa Masasa, mumakafika pa Golomoti juzi mutavula kale. Kuchigwa kumeneko, m'dera la Inkosi Kachindamoto m'boma la Dedza, kuli siteshoni yopanga magetsi kuchokera ku dzuwa imene inayamba kugwira ntchito mu 2022. Anaimanga ndi a kampani ya JCM Power mogwirizana ndi a InfraCo Africa, ndipo dzuwa likakhala paliwombo imathira mamegawati 20 mu nthambo za ESCOM. Chiyambire pamenepo anthu sanasiye kufunsa. Wina amati, ngati nkhani ndi dzuwa, bwanji sanapite ku Nsanje kumene limawotcha zenizeni? Wina amati akanaiika pamwamba pa phiri la Dedza, pamene palibe chotchinga. Ndipo pali funso lopweteka kuposa onsewa: zimatheka bwanji kuti nyumba yoyang'anizana ndi mapanelo ochuluka chonchi izigonabe ndi tochi?

Mafunsowa ndi omveka, ndipo onse akuchokera pa ganizo limodzi, loti posankha malo a sola chachikulu ndi dzuwa. Akatswiri a ntchitoyi amayambadi ndi dzuwa, koma m'dziko ngati lathu dzuwa silichedwa kuwakhutiritsa. Zimene zimawadyera miyezi ndi nthambo, nthaka ndi eni malo.

Megawati ndi chiyani?

Wati ndi muyezo wa mphamvu ya magetsi, ndipo dzinali linachokera kwa James Watt, katswiri wa injini wa ku Scotland. Megawati imodzi ndi mawati 1,000,000. Panelo imene ambiri timaiyanika padenga kuti tizitchajira foni ndi kuonera mpira imakhala ya mawati 100 kapena kucheperapo. Kuti mufike pa mamegawati 20 mungafunike mapanelo otere 200,000. Siteshoni ya ku Salima, imene inatsegulidwa mu 2021, ndi ya mamegawati 60, ndipo ya ku Nkhotakota ndi ya 21.

Nambala imeneyi imangonena za nthawi imene dzuwa lili bwino. Usiku siteshoni situlutsa kanthu, m'mawa ndi madzulo imatulutsa pang'ono. Mukawerengera chaka chonse, sola imapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a magetsi amene ikanapereka ikanamagwira ntchito mokwanira usana ndi usiku. Zili ngati chigayo chotha kugaya matumba 100 pa tsiku koma chotsegula maola ochepa okha. Ndiye megawati ya sola musaiyese yofanana ndi megawati ya siteshoni ya madzi ya ku Nkula.

Panelo imadya kuwala, kutentha imadana nako

Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Panelo imapangidwa ndi silikoni, chinthu chochokera mumchenga, ndipo kuwala kukaigunda timphamvu ta m'kati mwake timayamba kuyenda n'kukhala magetsi. Woyamba kuona kuti kuwala kungabale magetsi anali Edmond Becquerel wa ku France mu 1839, koma panelo ya silikoni yothandizadi inatuluka ku Bell Labs ku America mu 1954. Imeneyo inkasandutsa magetsi pafupifupi 6 peresenti yokha ya kuwala kumene kwaigwera. Za masiku ano zimapitirira 20 peresenti, ndipo mtengo wake unatsika kwambiri pakati pa 2010 ndi 2020, n'chifukwa chake masiteshoni akuluakulu ayamba kuoneka kuno posachedwapa.

Mphamvu imene imalembedwa kumbuyo kwa panelo amaiyeza panelo ili pa madigiri 25. Ikatentha kuposa pamenepo imafooka, pafupifupi 0.3 mpaka 0.4 peresenti pa digiri iliyonse. Masana a mu Okutobala kuchigwa, galasi loyang'ana dzuwa litha kufika madigiri 60, ndiye kuti gawo loposa limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake lapita. Ili ngati mlimi: kuwala amakufuna kuti aone mzere, koma dzuwa likamuwamba khasu limalemera.

Mwa ichi Nsanje alibe mwayi woposa anzake chifukwa cha kutentha kwake. Tikanati tizingoyang'ana kuzizira, Dedza boma, amene ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, akanapambana, pamodzi ndi Bembeke, Lizulu ndi Tsangano. Koma amene anakhalako mu Juni ndi Julayi akudziwa chifunga chimene chimaphimba mapiri mpaka dzuwa litakwera, ndi mitambo imene imakonda kuunjikana pamenepo nthawi ya dzinja. Kumtunda mumapindula pa kuzizira n'kutaya pa mitambo, kuchigwa mumataya pa kutentha n'kupindula pa thambo loyera. Oyeza amagwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti za zaka zambiri, kenaka n'kuika zida pamalopo kwa chaka kapena kuposerapo. Nthawi zambiri amapeza kuti kusiyana kwa malo awiri a m'boma limodzi n'kochepa, kosakwanira kugamula nkhani pakokha. Za kuyandikira dzuwa pokwera phiri, dzuwa lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni, kotero makilomita awiri a phiri la Dedza sasintha kanthu.

Nthambo ndi sabusiteshoni

Magetsi opangidwa masana ano ayenera kupeza wowagwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Amene amawanyamula ndi nthambo zikuluzikulu za pa nsanja zachitsulo zija, ndipo malo amene nthambozo zimakumana, pomwe pali mathiransifoma okweza kapena kutsitsa mphamvu, ndiwo sabusiteshoni.

Mmene nthambo za dziko lino zinayalidwira zimatsata mbiri ya mtsinje wa Shire. Nkula A anayamba kupanga magetsi mu 1966, kenaka kunabwera Tedzani, Nkula B ndi Kapichira. Kupatula masiteshoni ochepa ang'onoang'ono monga ya Wovwe ku Karonga, magetsi athu a madzi akhala akuchokera mu mtsinje umodzi womwewo, n'kumakwera ndi nthambo kupita ku Lilongwe ndi kumpoto. Ulendo ukatalika, ena amatayika m'njira ngati madzi a mu mgolo wodontha. Ndiye siteshoni yomangidwa m'chigawo chapakati imakhala ndi phindu lina loonjezera: magetsi ake amabadwira kufupi ndi kumene akufunika.

Ku Golomoti sabusiteshoni ya ESCOM inalipo kale, ndipo siteshoni ya sola anaimanga pafupi nayo. Ku Salima n'chimodzimodzi, ili kufupi ndi sabusiteshoni ya Nanjoka. Sizinachitike mwangozi. Kilomita iliyonse ya nthambo zatsopano imafuna nsanja, zitsulo zogula kunja, ndiponso kukambirana ndi mwini munda aliyense amene nthambozo zidutsa pamwamba pake. Malo a dzuwa labwino amene ali makilomita 40 kuchokera pa sabusiteshoni atha kugonja kwa malo a dzuwa locheperako pang'ono amene ali pakhomo pake. Alimi a tomato ndi kabichi a ku Lizulu amazidziwa bwino izi. Dimba lachonde limene lili kuseri kwa mapiri atatu limapindula mochepa kusiyana ndi dimba wamba la m'mbali mwa M1, chifukwa tomato sadikira.

Anthu a ku Ntcheu ndi ku Dedza angafunse kuti, nanga si nthambo zazikulu kwambiri zija, za makilovoti 400, zochokera ku Phombeya ku Balaka kupita ku Nkhoma, zinadutsa kwathu konkuno? Zinadutsadi, ndipo zinamangidwa ndi thandizo la boma la America kudzera mu Millennium Challenge Corporation, ntchito imene inatha mu 2018. Koma nthambo zotere zili ngati basi yosaima panjira: kukhala m'mbali mwa msewu sikutanthauza kuti mukwera. Kuti mulumikize siteshoni pa nthambo za mphamvu imeneyo muyenera kumanga sabusiteshoni yatsopano yodula kwambiri, imene siteshoni ya mamegawati 20 singaibweze ndalama zake. Yankho la funso la nyumba yogona ndi tochi lija lili pomwepa. Magetsi a siteshoni amakwezedwa mphamvu n'kulowa mu nthambo za dziko lonse, ndipo kuti abwerere m'mudzi pamafunika nthambo zina zing'onozing'ono, thiransifoma ya m'deralo, mapolo, mita ndi mawaya a m'nyumba. Imeneyo ndi ntchito ina, ya ESCOM ndi ndondomeko ya boma yofikitsa magetsi kumidzi ya MAREP, ndipo ili ndi thumba lake la ndalama. Kufotokozaku n'koona, komabe sindikuganiza kuti kumachotsa kuwawa kwa munthu amene anapereka munda wake n'kumaonabe mwana wake akuwerenga ndi kandulo.

Sabusiteshoni nayonso ili ndi malire a katundu amene ingalandire. Ikadzaza, wobwera pambuyo ayenera kulipira zoikulitsa kapena kukasaka kwina, choncho malo abwino oyandikana ndi masabusiteshoni ndi ochepa ndipo amalimbiranidwa.

Mtambo ukadutsa

Magetsi a m'nthambo zathu amayenda ndi kugunda kwake kokhazikika, maulendo 50 pa sekondi. Opanga akachepa mwadzidzidzi ogwiritsa ntchito ali omwewo, kugundako kumatsika, ndipo kukatsika kwambiri makina amadzizimitsa okha kuti asapse. Taganizirani amuna khumi akunyamula denga la nkhokwe. Mmodzi akatula mwadzidzidzi, enawo amapepesuka koma amalimba. Akatula atatu nthawi imodzi, denga lagwa. Mtambo wakuda ukaphimba siteshoni yaikulu ya sola, zili ngati wonyamula mmodzi watula osachenjeza. M'dziko la magetsi ochuluka zimenezi sizimveka n'komwe, koma kwathu, kumene magetsi onse pamodzi ndi mamegawati mazana ochepa, zimamveka.

Pali njira ziwiri zochepetsera vutoli, ndipo imodzi ikukhudza malo. Mukamwaza masiteshoni, ina ku Dedza, ina ku Salima, ina ku Nkhotakota, mtambo umodzi sungaziphimbe zonse pa mphindi imodzi. Njira ina ndi batire. Ku Golomoti kuli mabatire a lithiamu otha kupereka mamegawati 5 kwa maola awiri. Ndi mtundu womwewo wa batire la mufoni, umene kampani ya Sony inayamba kugulitsa mu 1991, kungoti awa ndi odzaza makontena. Ntchito yake ndi kugwiriziza denga lija mtambo ukadutsa, komanso kusunga pang'ono za madzulo, nthawi imene mabanja amayatsa magetsi ndi kuphika dzuwa litalowa. Ndi nkhokwe yaing'ono, yosati n'kudyetsa mudzi usiku wonse.

Phindu lomwaza malo opangira magetsi tinaliona mu Januwale 2022, namondwe Ana ataononga damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Tinalionanso mu 2016 ndi 2017, madzi atatsika m'nyanja ya Malawi ndi mu Shire, magetsi n'kumathima tsiku lathunthu.

Nthaka, madzi ndi fumbi

Siteshoni ya sola imadya malo, kawirikawiri mahekitala awiri kapena kuposerapo pa megawati iliyonse. Ya mamegawati 20 ndiye kuti ikufuna malo oposa mabwalo a mpira 50, ndipo akhale a pamodzi, osati zidutswa. Kale mapanelo ankangowapendeketsa mbali imodzi, ndipo kwa ife amene tili kummwera kwa equator mbaliyo ndi kumpoto. Masiku ano masiteshoni ambiri amaika mapanelo pa zitsulo zotembenuka pang'onopang'ono kutsata dzuwa kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, ngati mpendadzuwa usanakhwime. Zitsulo zimenezi zimakolola magetsi ambiri koma zimafuna malo athyathyathya. Mtsetse wa Khwekhwelere kapena mapiri a Kirk ku Ntcheu angafune kugumula ndi kusalaza kodula, ndipo mvula ikagwa nthaka yosendedwayo imakokoloka. Phiri limaponyanso mthunzi m'mawa kapena madzulo.

Koma malo athyathyathya a kunsi kwa mapiri ali ndi vuto lawo: ndi kumene madzi onse a kumtunda amathamangira. Mitsinje ngati Livulezi ndi Nadzipulu ikadzaza imasefukira kuchigwa. Ndiye osankha malo amafunsa akuluakulu a m'mudzi pamene madzi anafika chaka cha mvula yoopsa, amakumba maenje kuona ngati dothi ndi lamakande limene limafufuma ndi kung'aluka, amaonanso ngati pansi pali thanthwe lokana zitsulo. Dambo amalipewa. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala, ndi phulusa la moto wolusa, zimaphimba galasi n'kuchepetsa magetsi, choncho pamafunika madzi otsukira, ndipo madziwo asachoke pa mjigo umene amayi a m'mudzi amadalira. Msewu nawo uyenera kupirira malole onyamula makontena ndi thiransifoma yolemera matani ambiri. Golomoti ali pa msewu wa M5, umene umalumikiza Balaka ndi Salima.

Malowo ndi a ndani?

Pa mapu a setilaiti malo amatha kuoneka opanda kanthu. Mukafika pansi mupeza kuti pali munda wa chimanga, podyetsera mbuzi, mtengo wa mango umene unalipirira ana sukulu, ndi njira ya kumjigo. Malo opanda mwini kuno kulibe.

Lamulo la malo la 1965 linagawa nthaka m'magulu atatu: ya boma, ya liizi kapena yogula, ndi ya makolo imene mafumu amayang'anira. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 malo ambiri a makolo anasandutsidwa maesiteti a fodya, ndipo mabanja ena sanawaonenso. Chikumbumtima chimenecho chikadalipo, n'chifukwa chake mawu oti “kukubwera chitukuko” ena amawalandira ndi nthungululu, ena ndi mantha. Mu 2002 boma linatulutsa ndondomeko yatsopano ya malo, mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano, kuphatikizapo la malo a makolo limene linabweretsa makomiti a malo m'midzi ndi mwayi woti banja lilembetse malo ake, ndipo mu 2022 malamulowo anakonzedwanso.

Kampani ikafuna malo a makolo imadutsa kwa bwanamkubwa, kwa a T/A, kwa a gulupu ndi a nyakwawa, ndipo oyeza a boma amawerengera mbewu, mitengo ndi nyumba kuti papezeke chipukutamisozi. Papepala zimaoneka zosavuta. Koma m'midzi yambiri ya ku Dedza ndi Ntcheu munda umatsata mbumba: mwini wake ndi mayi, mwamuna anabwera chikamwini, ndipo malume ali ndi mawu. Wolemba maina akangofunsa kuti mutu wa banja ndani, n'kutheka kuti ndalama ipita kwa munthu amene mundawo si wake. Palinso obwereka minda, amene amalima koma dzina lawo silili paliponse. Ndipo ndalama yolandira kamodzi siifanana ndi munda. Ili ngati kugulitsa ng'ombe ya mkaka: mtengo utha kukhala wabwino ndithu, koma mkaka wa chaka chamawa mulibe. Pa chifukwa chimenechi mabanki a kunja amene amabwereketsa ndalama za ntchito zotere amafuna kuti pakhale ndondomeko yobwezeretsa njira zopezera chakudya, osati cheke chokha.

Mbali inayo nayo ili ndi mfundo zake zolimba. Dziko likusowa magetsi, zipatala ndi zigayo zikudalira majenereta a dizilo wogula ndi madola, ndipo malo amene siteshoni imatenga ndi ochepa powayerekeza ndi minda ya boma lonse. Wosankha malo wanzeru amayesetsa kupewa nthaka yachonde kwambiri, monga minda ya mpunga ya sikimu ya Bwanje kapena ya mbatata ya kachewere ku Bembeke ndi Tsangano, n'kusaka youma, yokolola pang'ono. Kungoti kwa banja limene lili ndi munda umodzi wokha, nthaka yokolola pang'onoyo ndiyo nsima yawo.

Pamene sipakhudzidwa

Ntchito yaikulu isanayambe, lamulo limafuna kafukufuku woona mmene idzakhudzire chilengedwe ndi anthu. Lamulo loyamba la chilengedwe linabwera mu 1996, ndipo la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA limene limavomereza kafukufukuyo. Chilolezo chopanga magetsi chimachokera ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Kafukufukuyu ali ngati zimene ankhoswe amachita ukwati usanamangidwe, kufunsa mbali zonse kuti zobisika zituluke kudakali nthawi. Ku Dedza kuli malo ena amene amachoka pa mndandanda msangamsanga: nkhalango zotetezedwa monga Dedza-Salima ndi Mua-Livulezi, ndi mapanga a zojambula zakale a Chongoni, amene UNESCO inawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Manda ndi madambwe sapezeka pa mapu a boma, amawadziwa ndi eni mudzi okha, ndipo kampani imene sinakhale pansi ndi akuluakulu imadzawazindikira mochedwa.

Zimene sizinayankhidwe

Mgwirizano wogulitsa magetsi kwa ESCOM umakhala wa zaka 20 kapena kuposerapo, ndipo mapanelo amakhala zaka 25 mpaka 30. Nthawiyo ikatha, malo adzabwerera kwa mbumba imene inawapereka, adzatsala m'manja mwa boma, kapena adzaikapo mapanelo ena? Ndani adzachotse zitsulo ndi mabatire otha ntchito, ndipo adzazitaya kuti?

Palinso funso la malipiro. Kodi kulandira kamodzi n'kwabwino kuposa lendi ya chaka ndi chaka? Ena amati ndalama ya pamodzi imathandiza kugula munda wina nthawi yomweyo, ena amati lendi imateteza ana ndi zidzukulu, bola izikwera kwacha ikagwa. M'maiko ena nkhosa zimadya udzu pansi pa mapanelo, kwina amakweza mapanelo m'mwamba n'kumalima masamba pansi pake. Kodi zingatheke kuchigwa kuno, kumene chiweto chambiri ndi mbuzi, yomwe imakwera paliponse ndi kutafuna mawaya?

Nanga midzi yoyandikana ndi siteshoni iziyamba ndiyo kulumikizidwa, ndipo alipire ndani, kampani, ESCOM kapena boma? Masabusiteshoni amene ali ndi mpata akadzadzaza, dziko lidzasankha kukulitsa omwewo kapena kumanga atsopano m'maboma amene pakali pano alibe siteshoni, monga Ntcheu? Nthambo zochokera ku Matambo ku Mozambique kudzafika ku Phombeya, ndi siteshoni ya madzi imene akufuna kumanga ku Mpatamanga, zidzasintha kuchuluka kwa sola imene nthambo zathu zingapirire. Zikadzatero, kodi kudzakhala kwanzeru kumanga masiteshoni ochepa akuluakulu pafupi ndi Phombeya ndi Nkhoma, kapena ang'onoang'ono ambiri omwazikana kuyambira ku Bwanje mpaka ku Linthipe?